Zilembo Zazikulu za Che Atumani

Lolemba, 14 Julayi

Koma Carlos ameneyu adzandipha ine. Kungolowa mu ofesi, foni kuchokera ku Makanjira, eti, "Asisi Zakia, chimakina chanu chija n'chogontha." Chogontha ndi ndani? Chinthu ndachilera miyezi yonseyi ngati khanda.

Ndilembe bwinobwino kuti mutu ukhazikike. A Howard, bwana wathu kuno ku bungwe la Tiwoloke, akufuna zonse zikhale zitapsa pofika Loweruka, tsiku lokaonetsa asodzi ndi eni maboti. Pakati pa nyanja ukaimba foni imangoduka, koma meseji imadzikoka mpaka kudutsa. Ndiye tinagwirizana kuti munthu akaona zoopsa alembe ku nambala yathu, kaya m'Chiyao, kaya m'Chichewa, kaya m'Chipwitikizi cha makolo ake a Carlos, bola alembe ndi ZILEMBO ZAZIKULU zokhazokha. Ati a Howard, munthu akamakuwa umamumva ngakhale chilankhulo chake usakuchidziwa, ndiye zilembo zazikulu ndiko kukuwa kwa pa foni. Pulogalamu yanga ikaona zimenezo, sayirini ya pa doko ku Makanjira ilire, kabokosi ka mu ofesi muno ku Mangochi kalire, Carlos alize boti lopulumutsira anthu. Meseji ya zilembo zazing'ono ndi ya wamba, imabwera yobiriwira pa sikirini, timayankha tikapeza mpata.

Lero Carlos poyesa walemba ÁGUA NO BARCO, ati madzi m'boti. Sayirini zii. Walembanso, zii. Ine kulemba MADZI MBOTI, yalira mpaka mbuzi kubalalika, ndamva ndekha pa foni.

Sindikumvetsa. Zonse ndi zazikulu izi.

Lachiwiri, 15 Julayi

Ndachigwira! Ndi ka Á kaja, ka nthenga pamutu.

Ndinagwiritsa isupper, amene amayang'ana chilembo n'kunena ngati chili chachikulu. Koma mkuluyu amaona baiti imodzi, kampando kamodzi ka mu kompyuta, pa nthawi. A, B, C chilichonse chimakwana pa mpando umodzi. Koma Á, Ç, ngakhale Ŵ wathu yemweyu, ndi zonenepa, zimatenga mipando iwiri ngati mayi wa mabeseni a usipa mu minibasi. isupper akuona theka la munthu, n'kuti ayi ichi si chachikulu. Ndipo lamulo langa likuti chimodzi chikangolephera, meseji yonse ndi ya wamba.

Chiyao ndi Ŵ yekhayekha. Munthu akumira walemba ŴANDU, makina n'kumuika pa mzere wa ofunsa za nyengo? Subhanallah. Zikanakhala kuti Carlos sanachite matama ndi Chipwitikizi chakecho, tikanapita nazo ku nyanja chonchi.

Ndasintha zonse. Meseji ikangofika ndikuisandutsa zilembo zonenepazo, wchar_t, n'kumafunsa iswupper, mkulu wake wa isupper, amene amaona chilembo chathunthu. Poyamba nayenso amangondiyang'ana ngati sandidziwa, kenako ndakumbukira kuti sindinaike setlocale, yomuuza kuti ayembekezere zilembo za zilankhulo zina. Nditaika, eee! Á wadutsa. Ç wadutsa. Ŵ wadutsa. Ndinachita kutengeka mpaka kuyesa za Chigiriki ndi za Chirasha, ngati ku Makanjira kuli Mrasha wa chilimira. Zonse akuzidziwa, chachikulu ndi chaching'ono chake.

Ndamuuza Carlos ayesenso. Yalira. Akuti, "Tsopano chatsuka m'makutu." Wamwano.

Lachitatu, 16 Julayi

A Howard andigulira fanta ndi zitumbuwa. Ati pulogalamu ngati iyi ngakhale ku Blantyre sanaionepo. Sindinakane.

Lamulungu, 20 Julayi

Msana wanga uli ku Makanjira, kuno kwabwera thupi lokha. Lole ija ndi msewu uja, Mulungu akhululukire amene anatiuza kuti tikhale kumbuyo.

Koma dzulo zinayenda. Anthu anadzaza pa doko, asodzi, eni maboti, amayi oyanika usipa. A Howard analankhula zambirimbiri, anthu akungoyang'ana nyanja. Kenako ine. Ndinauza mmodzi alembe meseji ya zilembo zazikulu, sayirini kulira, ana kuthawa, amayi nthungululu. Ndinadzimva, ndisaname.

Amalume analipo. Che Atumani, achimwene awo a amayi, ndi mkanjo wawo wotuwa ndi kofia, atakhala kutsogolo penipeni pa thanki ya petulo. Boti lawo lija akadali nalo, lonyamula anthu ndi matumba pakati pa Makanjira ndi Monkey Bay. Anthu awa ndi amene anaimirira pamene abale ankafuna kundikwatitsa ndili Fomu 2, n'kunena kuti mwana uyu mutu wake ndi wa sukulu, amene akufuna mkazi akafune kwina. Chonsecho iwo ku sukulu ya boma sanapondeko. Anaphunzira ku madrasa basi, ndipo Chiyao chawo amalemba ndi zilembo za Chiarabu, monga ankachitira akuluakulu akale. Zubair, mwana wawo wa ku Joni, anawatumizira foni yotsetsereka n'kuwaikira kiyibodi ya Chiarabu. Amainyadira foni imeneyo kuposa injini.

Pa mafunso anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Abiti Kompyuta," ndi mmene amanditchulira, anthu kuseka. "Nanga zilembo zathu zija, makina akowa amazidziwa?"

Ine, "Zonse amalume. Sabata yomweyi ndawaphunzitsa zilembo za dziko lonse lapansi. Inu lembani mmene mumalembera, bola zikhale zazikulu."

"Zazikulu bwanji?"

Ndinatambasula manja. "Zikuluzikulu, zoti aliyense aone kuti mukukuwa."

Anagwedeza mutu, n'kutembenukira anthu. "Mwamva? Mwana wa mlongo wanga ameneyo." Nambala yathu anali oyamba kuisunga m'foni. Yunus, bambo amene amawayendetsera injini, ndi amene anawathandiza.

Pobwera anandipatsa utaka wowamba m'pepala la simenti. Chikwama chonse cha laputopu chikununkha, a Howard akhala akutseka mphuno njira yonse.

Lachiwiri, 22 Julayi

Sayirini yalira kawiri lero. Koyamba Carlos anafika mpaka m'madzi ndi jekete lake. Meseji yake: KODI MWADZUKA BWANJI KUMENEKO. Ndi bambo wina wokalamba, foni yake inakakamira pa zilembo zazikulu chigulireni, sadziwa n'komwe kuti ziliko zina. Kachiwiri ndi yemweyo, kupepesa.

Carlos wapita kukamusinthira. Akuti bamboyo wadandaula kuti tsopano zilembo zikuoneka ngati nyerere.

Taseka mu ofesi mpaka misozi. A Howard akuti bola kulira kopanda ngozi kusiyana ndi ngozi yopanda kulira. Mwera wayamba, mapepala akuuluka pa tebulo, ndatseka mawindo.

Lachinayi, 24 Julayi

Amalume awoloka mawa kupita ku Monkey Bay ndi matumba a usipa, akufuna akaswali Jumaa, mapemphero a Lachisanu, kumeneko. Amayi akalipa pa foni, ati mwera uno, ndi shuga wanuyo, simungadikire? Ndamva akuseka. Ati panopa nyanja ili ndi makutu, mwana wako anaiikira.

Lachisanu, 25 Julayi, m'mawa

Lachisanu ndiye sikirini imadzaza. Aliyense Jumaa Mubarak, Jumaa Mubarak, ena ndi maduwa, timapemphero ta Chiarabu tokopera kwa anzawo. Zonse zobiriwira, khwasa. Amalume nawo atumiza yawo, koma abale kukongola! Chilembo chilichonse achikoka ndi mzere wautali, mawu amodzi kudzaza sikirini, ngati zolemba za pa khoma la mzikiti. Sindimadziwa kuti foni ija amaitha chonchi. Sindinalimbane n'kuwerenga, Chiarabu changa cha ku madrasa chinachita dzimbiri kalekale. Ndangoyankha kuti Jumaa Mubarak nanunso amalume, muyende bwino.

Ndikupita kukagula chiponde, amayi atuma.

Lachisanu lomweli

Ndilembe basi, ndikapanda kulemba ndikuwa.

Azakhali, akazi awo a amalume, anaimba itapita swala ya Asr, dzuwa litapendeka. Boti silinafike ku Monkey Bay. Wogula usipa wadikira pa doko tsiku lonse. Okwera anakana m'mawa chifukwa cha mphepo, ndiye m'botimo muli amalume ndi Yunus okha. Foni ya amalume siikupezeka. Ya Yunus anaisiya kunyumba pa chaja.

Ine ndinati, ayi, zikanavuta akanalemba, sayirini ikanalira. Ndinanena ndi mtima wonse. Ndinati m'mawa omwewu anditumizira moni. Amayi anati ndiwaonetse, poti mameseji a ku ofesi amafikanso pa foni yanga. Iwo zilembo za amalume amaziwerenga, amalumewo ndi amene anawaphunzitsa ali atsikana.

Anayang'ana foni. Milomo ikuyenda. Kenako anakhala pansi, pa simenti penipeni.

"Zakia, iwe unawerenga izi?"

Ndinati ayi, si moni wa Jumaa?

Anawerenga mokweza, m'Chiyao, mawu amodziamodzi. Injini yafa. Mwera watitenga. Chilumba cha Domwe chikunka chitalikira. Bwerani.

Ndiye anaona pansi pake. "Nanga ichi unayankha n'chiyani?"

Anawerenga okha. Muyende bwino.

Mayo ine. Mayo ine amalume.

Ndinaimbira Carlos ndikuthamanga wopanda nsapato kupita ku ofesi, sindikudziwa kuti ndimakatenga chiyani. Akuti mafunde afika poti boti lake silingatuluke, ndipo kuwala kwatsala pang'ono. Adziwitsa asilikali a panyanja ku Monkey Bay, onse anyamuka kukangocha. Ndinamufunsa, ikanalira m'mawa muja ukanawapeza? Anati, "M'mawa nyanja inali yoyendeka, asisi."

Loweruka, 26 Julayi

Maboti atuluka. Palibe.

Ine ndakhala pa laputopu ngati chitsiru. Ndatenga meseji ya amalume, chilembo chimodzichimodzi, kumufunsa iswupper. Alifu, ziro. Bee, ziro. Nuni, ziro. Ziro ndiye kuti ayi, si chachikulu. Ndafunsa mnzake iswlower, amene amaona zazing'ono. Nayenso ziro, ziro, ziro. Si zazikulu, si zazing'ono. Kamzere kokokera kaja nakonso chimodzimodzi.

Chiarabu chilibe zilembo zazikulu. Chilibe! Ine ndemwe ndinakhala pa mkeka ku madrasa zaka zonse zija, kuimba alifu, bee, tee. Ndinaonapo liti alifu wamkulu? Alifu ndi alifu basi. Ndinayesa Chigiriki. Ndinayesa Chirasha. Zilembo zimene zili pa khoma m'nyumba mwathu momwe, pamwamba pa chitseko, sindinaziyese. Ndipo malangizo a iswupper akunena poyera kuti ziliko zilembo zosakhala mbali iliyonse. Ndinawerenga mzere umenewo Lachiwiri lija, maso anangodutsapo, ndili kalikiliki kusangalala ndi Á.

Ndiye amalume anafunafuna zazikulu pa kiyibodi yawo, sanazipeze, n'kuzikulitsa okha mmene amadziwira. Kuzikoka m'litali, monga ndinatambasulira manja pa doko paja. Boti likugwedezeka, madzi akulowa, iwo ali phee kukoka chilembo chilichonse kuti makina anga amve.

A Howard abwera masana, nkhope ili gwa. Akuti anthu ku Makanjira ayamba kufunsa chifukwa chake sayirini sinalire, ndiye tiziyankha chimodzi: bamboyo sanatsatire malangizo. Ndinawayang'ana. Ndinati anatsatira, ndinawauza ndine kuti zilembo zawo makina amazidziwa. Ati, "Anamva ndani?" Ndinati doko lonse, inunso munaombera m'manja. Ati ndikulankhula ndi chisoni, ndipite ndikapume, tisagwetse ntchito yonse chifukwa cha munthu mmodzi wosadziwa ABC.

Wosadziwa ABC. Ndinatuluka ndisanalankhule zoti ndichotsedwe ntchito.

Kunyumba amayi sakundilankhula. Sakukalipa, bola akanakalipa. Ali pa mkeka wa swala ndi mikanda ya tasbihi, ndikalowa sakutembenuka.

Lamulungu, 27 Julayi, m'mawa

Palibe. Mankhwala awo a shuga azakhali awapeza pa windo.

Lamulungu lomweli

AWAPEZA. Alhamdulillah, alhamdulillah. Asodzi a tsidya lija, kumpoto kwa Senga Bay, aona boti likungozungulira lokha. Onse awiri ali moyo. Yunus akuyenda yekha. Amalume anawanyamula, sakulankhula, sakutsegula maso. Ali m'chipatala cha kumeneko.

Amayi alira koyamba chiyambire Lachisanu. Tinyamuka mawa.

Lachiwiri, 29 Julayi

Ndawaona. Sindinawazindikire, ndinadutsa bedi lawo. Milomo yong'ambika, nkhope yakuda bii ndi dzuwa, ndevu zokha ndi zimene zili zawo. Madiripu mbali zonse. Adokotala akuti shuga anakwera kwambiri, thupi linauma, impso zikuvutika. Akuti tidikire. Ndinafunsa kuti adzuka? Anati tidikire, mayi.

Ndinawagwira phazi. Kuzizira.

Yunus ndinamupeza panja pansi pa mtengo, akumwa thobwa pang'onopang'ono, manja onse mabala. Matumba a usipa anataya m'madzi onse kuti boti lipepuke, madzi amakapa ndi chigubu chodula. Sindinafune kufunsa koma ndinafunsa.

Akuti injini itafa, foni ya amalume inali ndi kamoto kochepa, ka mzere wofiira. Netiweki ikubwera, ikupita. Iye anati tiyese kuimbira mchimwene wanga ku doko, ngakhale idukeduke amva mawu awiri atatu. Amalume anakana. Ati foni imaduka, Zakia ananena, tisataye moto. Makina a mwana uja ndi amene samagona.

Ndiye anayamba kulemba. Yunus akuti anapsa mtima, chifukwa amachedwa, chilembo chilichonse kudinikiza, kukoka, kudinikiza, kukoka. Anati Che Atumani tumizani basi! Iwo ati iyayi, anati zikhale zazikulu.

Inapita. Patapita kanthawi foni inalira. Amalume anamupatsa Yunus kuti awerenge, poti ndi zilembo za kusukulu. Anawawerengera yankho langa lija.

Apa Yunus anayang'ana m'kapu. Ndinati nenani, achimwene.

Akuti amalume anamwetulira. Ati, "Waona? Wayankha. Ndi mwana waulemu, wayamba ndi moni. Boti likubwera." Foni n'kuzima.

Tsiku lonse la Lachisanu amayang'ana kumbuyo, kumene Carlos akanachokera. Chilichonse choyera pa mafunde, ati ndi ilo. Loweruka ndi pamene anasiya kuyang'ana. Ine ndimayembekeza kuti Yunus anena kuti ananditukwana, kapena anati mwana uja watinamiza. Ndikanalandira. Koma akuti anati, "Yunus, ndamuchititsa manyazi mwana uja. Zilembo zija sindinazikulitse mokwana, manja amanjenjemera. Tikafika undiphunzitse za kusukuluzo." Akuti anabwereza kangapo mpaka mawu anayamba kusokonekera.

Ndinalira pamaso pa anthu odikira odwala, ngati mwana. Mayi wina wosamudziwa anandifunditsa chitenje.

Lachitatu, 30 Julayi

Amayi ndi azakhali atsala, Yunus nayenso wakana kuchoka, foni ya amalume ali nayo ndi iye. Ine ndabwerera, chifukwa maboti akutulukabe ndipo makina aja akadali momwe analili. Ponyamuka amayi anandikonza mpango pamutu. Sanalankhule, koma anandikonza.

Ndasintha. Tsopano pulogalamu ikufunsa kawiri: ndi chachikulu? ndi chaching'ono? Onse awiri akati ayi, isaganize zambiri, ilize basi, munthu awerenge. A Howard akuti ndiye Lachisanu lililonse sayirini izilira ndi maduwa. Ndati ilire. Ndapempha a mwalimu a pa mzikiti wa pa doko kuti ikalira Carlos aziwathamangira ndi foni, avomera.

Ndaimbiranso Carlos kuti auze anthu kuti amalume analemba bwino, wogontha ndi makina. Akuti asisi, anthu akudziwa kale, analipo pa doko.

Lachinayi, 31 Julayi

Sanadzuke. Amayi akuti adokotala aitana azakhali pambali. Sanandiuze zimene anena. Zubair akufunafuna basi yochokera ku Joni.

Lachisanu, 1 Ogasiti

M'mawa wonse kabokosi kakhala kakulira. Duwa, duwa, Jumaa Mubarak, duwa ina, zonse m'Chiarabu. Carlos akuti a mwalimu atopa n'kutuluka mu mzikiti, angokhala pa doko ndi mpando wawo. A Howard anatseka chitseko cha ofesi yawo mwamphamvu. Ine iliyonse ndaiwerenga ndekha, kugwiragwira zilembo ngati mwana woyamba kumene, mpaka kumapeto.

Amayi sanaimbe chiyambire m'mawa. Ndinaimba, sanayankhe. Azakhali, sanayankhe. Kwathu anthu akasiya kuyankha foni ndiye kuti akufuna munthu wamkulu woti adzakuuze pamaso. Ndinakhala ndikuyang'ana pa geti.

Anthu atatuluka ku Jumaa kabokosi kanaliranso. Sikirini yofiira. Ndinayang'ana nambala.

Ya amalume.

Foni ili ndi Yunus. Yunus angandilembere chiyani ndi zilembo zazikulu, pa nambala ya ngozi? Ndinatseka maso ndi manja. Foni yanga nayo ikulira, Carlos, ndinadina osaona. Kumbuyo kwake sayirini ya ku Makanjira ikung'amba, anthu akufuula, iye akuti, "Asisi, ndi nambala ya Che Atumani, mwaona? Asisi, werengani!"

Ndinachotsa manja.

Si Chiarabu. Ndi ABC, chilembo china chobwerezedwa, zooneka kuti wolembayo chilichonse amachita kumulozera ndi chala.

ABITI KOMPYUTTA NDADZUKA. IZI ZAKULA MOKWANA?

Carlos akufunsa ngati azimitse sayirini. Ndamuuza aisiye kaye.